Ana Anga, Phewa Likavulala Musalithamangitse

Ana anga a m'mabwalo a masewera, inu a ntchemberembaye, inu magoloboyi, inu a volleyball, inu oponya nkhonya, ndi inu amene mumanyamula zitsulo ndi zitini za simenti kuseri kwa nyumba, khalani pansi ndikutsineni khutu pa nkhani ya phewa. Bondo ndi kakolo mumaziopa, chifukwa zikavulala munthu amatsimphina ndipo aliyense amaona. Phewa limavulala mobisika. Mwiniwake amayenda bwinobwino, amathamanga, amaseka ndi anzake, ndiye timu yonse imati ali bwino. Ndi iye yekha amene amadziwa kuti usiku sagonera mbali imeneyo, ndiponso kuti m'mawa povala malaya amayamba walowetsa mkono wopwetekawo atalumitsa mano. Pa zaka zimene ndakhala m'mphepete mwa mabwalo, achinyamata aluso amene ndawaona akusiya masewera chifukwa cha phewa, ambiri sadagonjetsedwe ndi kuvulala koyamba kuja. Chidawamaliza ndi kubwerera m'bwalo nthawi isanakwane.

Muyambe mwalidziwa phewa lanulo. Mwa mfundo zonse za m'thupi, ya paphewa ndiyo imatembenuka kwambiri. Mumakanda nayo pamsana, mumaloza kumwamba, mumazunguza mkono mbali iliyonse. Zimatheka chifukwa mutu wa fupa la mkono sudalowe m'dzenje lakuya monga lidalowera fupa la ntchafu m'chiuno; udangotsamira pamalo osaya. Chimene chimaugwira kuti usachoke ndi minofu inayi yochokera pa fupa lophwatalala la kumbuyo kwa phewa, ndipo mitsempha yolimba ya minofuyo imakuta mutu wa fupalo. Madokotala amaitcha rotator cuff. Umene umavulala kawirikawiri ndi wapamwamba, supraspinatus, chifukwa umadutsa pampata wopapatiza pansi pa fupa limene mumaligwira mukaika dzanja pamwamba pa phewa.

Mtsempha umenewu umatha kung'ambika tsiku limodzi: goloboyi wadumphira mpira n'kugwera mkono uli chotambasula pabwalo louma la mu Okutobala, kapena mtsikana wakankhidwa ali m'mwamba n'kutchinjiriza ndi dzanja pasimenti. Koma nthawi zambiri umatha ngati chingwe cha pachitsime chimene chimakhula pamlomo wa chitsimecho tsiku ndi tsiku. Luzi limodzi laduka lero, lina mwezi wa mawa, chingwe chikukokabe ndowa, ndipo tsiku lodukiratu anthu amati chaduka mwadzidzidzi. Inu amene mumamenya mpira mkono uli pamwamba pa mutu kambirimbiri pa sabata, ndi inu amene mumangolimbitsa chifuwa kuti malaya athine osasamala minofu ya kumsana, chingwe chanu chikukhula.

Tsono mfundo imene ndikufuna muisunge kuposa zonse ndi iyi. Mtsempha sulandira magazi ochuluka monga mnofu kapena khungu, ndipo magazi ndiwo amabweretsa zomangira pamalo povulala. Chilonda cha pakhungu chimapola m'masabata awiri. Fupa lothyoka limayamba kugwirana pakatha mwezi ndi theka kapena iwiri. Mtsempha umafuna miyezi. Choopsa n'chakuti ululu umachoka msanga kusiyana ndi kuchirako. Pakatha masabata atatu kutupa kwaphwa, mukugona tulo, mukuganiza kuti mwachira, pamene m'katimo ulusi watsopano udakali wanthete. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusamva kupweteka mutakhala pampando si umboni woti phewa lingapirire kuponya mpira ndi mphamvu zanu zonse.

Ndikuuzeni za anthu awiri a nkhonya, chifukwa nkhani zawo zimanena bwino kuposa ine.

Pa 1 Epulo 2000, mumzinda wa Berlin, Vitali Klitschko wa ku Ukraine ankateteza lamba wake wa WBO kwa Chris Byrd wa ku America. Pofika tsikulo adali atamenya nkhonya 27, zonse kupambana mdani wake asanafike kumapeto. Usiku umenewonso ankatsogola patali pa mapepala a oweruza onse atatu. Koma phewa lidali litang'ambika m'kati mwa nkhonyayo. Itatha raundi ya 9, kutatsala maraundi atatu okha, adakhala pampando wake n'kunena kuti sapitiriza. Lamba adapita kwa Byrd. Anthu adamunyoza, makamaka ku America, amvekere munthu wamkulu thupi koma wopanda mtima. Mwina nanunso mukadakhalapo mukadakuwa nawo kuti mphindi 9 zokha, bwanji osangopirira. Iye adapita kukachitidwa opaleshoni, ndipo mu Novembala chaka chomwecho adabwerera n'kupambana. Mu 2003 adamenyana ndi Lennox Lewis nkhope ili magazi okhaokha, iye akukana kuti asaimitsidwe mpaka dokotala adachita kulamula. Apo pakamwa pa onyoza aja padatsekeka. Mu Epulo 2004 adagonjetsa Corrie Sanders wa ku South Africa ku Los Angeles n'kutenga lamba wa WBC, ndipo nkhonya yake yomaliza adamenya mu 2012. Zaka zambiri za ntchito adazigula ndi manyazi a usiku umodzi. Sunga khosi, mkanda woyera udzavale.

Winayo mukumudziwa bwino. Ena a inu mudadzuka m'bandakucha mu Meyi 2015 kukadzaza zipinda zoonetsera mpira kuti muone Manny Pacquiao akumenyana ndi Floyd Mayweather ku Las Vegas. Pacquiao adalowa m'bwalo phewa lamanja litavulala kale pokonzekera. Pa fomu ya akuluakulu oyang'anira nkhonya kumeneko, pa funso loti kodi wavulala phewa, padachongedwa kuti ayi. Usiku wa nkhonyayo a mbali yake adapempha jakisoni wopha ululu, koma adakanizidwa. Adagonja, patangopita masiku ochepa adachitidwa opaleshoni, ndipo ena mwa anthu amene adalipira kuti aonere adakamusumira kukhoti. Adabwerera mu Epulo 2016 n'kugonjetsa Timothy Bradley. Pacquiao ndi ngwazi, sindikumuchotsera ulemu. Koma iye adali ndi madokotala apamwamba omudikira ndiponso ndalama zosawerengeka pa nkhonya imeneyo. Inu mukabisa phewa kuti musewere bonanza ya pa Khirisimasi, mphoto yake ndi yunifomu ndi ndalama zogawana anthu khumi ndi angapo, ndipo mkono ukakanika kukwera mu Januwale, wokonza bonanzayo adzakhala atapita. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Kodi n'liti pamene muyenera kupita kuchipatala osadikira? Mukagwa n'kulephera kukweza mkono kumbali, kapena mnzanu akaukweza n'kuusiya umangogwa wokha. Phewa likasintha maonekedwe, kuoneka kuti fupa lachoka m'malo. Pamenepo musalole anzanu kuti alikoke pabwalo pomwepo, chifukwa pangakhale fupa lothyoka kapena mtsempha wa ubongo wopanikizika. Dzanzi likamatsika mpaka ku zala. Ndiponso ululu wa usiku ukapitirira masabata angapo osachepa. Ndikunena za changu chifukwa mtsempha ukadukiratu mwa munthu wachinyamata, mnofu umaukokera m'mbuyo pang'onopang'ono, mnofuwo n'kuyamba kufota, ndipo kusoka kumavuta miyezi ikamapita. Apa pokha m'pamene kuchedwa kumawononga.

Yambirani ku chipatala cha boma lanu, kumene kumakhala ogwira ntchito ophunzira za mafupa, ndipo iwo ndi amene angakutumizeni ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Ku Blantyre kulinso Kachere, kumene ntchito yawo ndi mafizo a anthu ochira. Chinthu chimodzi muchidziwiretu kuti musanamizike: X-ray imaonetsa mafupa, sionetsa mitsempha. Ndamvapo achinyamata akutuluka m'chipatala akusangalala kuti ajambula ndipo palibe chothyoka, madzulo ake ali kale m'bwalo. Fupa likhoza kukhala bwinobwino mtsempha uli wong'ambika. Chimene chimauonetsa ndi sikani ya ultrasound kapena MRI, komanso manja a munthu wodziwa kuyesa mphamvu ya mkono. Funsani kuti, "Nanga mtsempha uli bwanji?" Safunsa adadya phula.

Masiku awiri kapena atatu oyamba, pumitsani mkono ndipo ikani madzi oundana okulunga pansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, kangapo patsiku. Kumene kulibe firiji, nsalu yoviika m'madzi ozizira a mumtsuko ithandizako. Agogo anu adzafuna kukuthowani ndi madzi otentha, ndipo amatero chifukwa chokukondani. Apempheni mwaulemu kuti adikire kutupa kuyambe kwaphwa, pakuti kuthowa kumathandiza pambuyo pake phewa likamauma. Za kutema mphini ndinena mosabisa: mphini zimathera pakhungu, mtsempha uli m'kati pansi pa mnofu ndi fupa, ndipo lezala yobwerekana ili ndi matenda ake.

Mapiritsi ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri. Ndimaona anyamata akumeza Indocid kapena diclofenac wa pagolosale mpira usanayambe, ena awiriawiri, m'mimba mulibe kanthu. Mankhwala amenewa sasoka mtsempha. Amangotseka pakamwa ululu umene ukadakuuzani kuti lekani, inu n'kumang'amba moonjezera osamva. Akamwedwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba ndipo amawononga impso, makamaka munthu akamatuluka thukuta kwambiri osamwa madzi okwanira. Jakisoni wa steroid wobaya paphewa ali ndi ntchito yake dokotala akaona kuti n'koyenera, koma kubwerezabwereza kumafooketsa mtsempha womwewo. Munthu wokuuzani kuti akubayeni Lachisanu kuti Loweruka musewere akuganizira za Loweruka lake.

Musaope kuti aliyense wovulala phewa amakathera ku opaleshoni. Ambiri amene mtsempha wangong'ambika mbali, kapena wangotupa, amachira ndi mafizo okha akawachita mokhulupirika kwa miyezi itatu kapena kupitirira. Kwa amene asokedwa, mkono umakhala m'chokolekera masabata 4 mpaka 6. Poyamba wa fizo ndi amene amauyendetsa, mwiniwake atangoulekerera. Kenako amayamba kuukweza yekha. Zolimbitsa ndi zolemera zimayamba cha pa miyezi itatu, ndipo masewera oponya kapena ogundana amadikira miyezi 6, kwa ena kufika chaka. Dokotala wanu ndi amene angakuuzeni masiku anu enieni, chifukwa kung'ambika kumasiyana.

Pali ena amene vuto lawo si changu koma mantha. Amamanga mkono pa chitenje miyezi iwiri popanda amene wawauza, osaugwedeza n'komwe. Phewa lotere limauma mpaka munthu kulephera kupesa tsitsi, ndipo kulimasula kumatenga nthawi yaitali kuposa kuvulala kwenikweniko. Odwala shuga ndiwo amagwidwa kwambiri ndi kuuma kumeneku. Kupumitsa phewa si kuliiwala ayi.

Mafizo ake ndi otopetsa, ndikuuziranitu, ndipo palibe amene adzakuombereni m'manja. Mumawerama, dzanja labwino litagwira tebulo, mkono wovulala uli lende, n'kumauzunguza pang'onopang'ono mogwedeza thupi. Mumagona chagada pamphasa mutagwira mpini wa tsache ndi manja onse awiri, dzanja labwino n'kumatsogolera lodwala kupita kumutu. Mumaima pafupi ndi khoma, zala n'kumakwawa kukwera, ndipo pamene zafika mumachonga ndi khala. Sabata yamawa chizindikirocho chakwera ndi chala chimodzi chokha, koma chakwera. Nthawi yolimbitsa ikafika, mphira wa chubu cha njinga ndi wokwanira. Mumangeni pa chogwirira cha chitseko, pindani kansalu muike pakati pa chigongono ndi nthiti kuti chigongono chisachoke pathupi, ndipo kokerani dzanja kunja mosathamanga, kubwezanso mosathamanga. Mnyamata amene ankanyamula makilogalamu 80 amachita manyazi kuoneka akulimbana ndi kamphira. Achite manyazi, koma akoke. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Zonsezi muzichite mmene wa fizo wakuonetserani komanso pa nthawi imene wakuuzani, makamaka inu osokedwa. Kumva kukoka pang'ono n'kwabwino. Ululu wobaya, kapena umene mwadzuka nawo m'mawa mwake, ukutanthauza kuti dzulo mudapyola muyeso.

Apa ndilankhuleko ndi makolo, chifukwa ndikudziwa kuti ena mukuwerenga nawo. Mwana wanu wamkazi akauzidwa kuti apumitse phewa, amasiyadi mpira, koma m'mawa amapopa mjigo, amakweza ndowa ya malita 20 kuika pamutu, amasinja, amayanika zovala pachingwe chapamwamba. Mnyamata amawaza nkhuni, amalima, amakankha njinga ya makala. Phewa silisiyanitsa mpira ndi munsi. Ndikudziwa kuti pakhomo ntchito sidikira, koma gawanani mwa mtundu wina kwa miyezi imeneyi. Iye asese, aphike, asankhe nyemba. Musamutche waulesi poona kuti alibe bala looneka. Mkono umenewo ndi umene adzalimire ndi kulerera ana ake mpira utatha kalekale.

Fodya musiye, wa mtundu uliwonse. Amachepetsa magazi ofika ku mtsempha umene ukulandira kale ochepa, ndipo osuta amachedwa kupola. Idyani zomanga thupi zimene zilipo, usipa, nyemba, mazira, mtedza, soya, ndipo muzigona mokwanira. Ngati kugona chagada kukupweteka, tsamirani mitsamiro ngati mwakhala pang'ono, wina muike pansi pa mkono.

Ndikudziwa kuti chopweteka kwambiri si phewa. Ndi Loweruka masana, anzanu akukwera galimoto kupita kukasewera, nambala yanu itavalidwa ndi wina, ndipo winayo akusewera bwino. Mtima umakuuzani kuti akuiwalani. Ambiri amabwerera msanga chifukwa cha mantha amenewa. Musadzitsekere m'nyumba. Pitani ku bwalo, khalani pafupi ndi kochi, onani masewera ndi maso a munthu amene sakuthamanga. Mudzaona zinthu zimene simunkaziona muli m'kati. Miyendo, chiuno ndi mimba sizidavulale, zilimbitseni monga dokotala walolera, pakuti mphamvu yaikulu ya kuponya imachokera kumeneko, ndipo wa miyendo yofooka ndi amene amakakamiza phewa kugwira ntchito ya thupi lonse. Mwai Kumwenda wathu adavulala bondo mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia, adakhala kunja nthawi yaitali, ndipo mu 2020 timu yake idatenga chikho iye n'kusankhidwa wosewera bwino koposa pa masewera omaliza. Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu.

Mukabwerera, musayembekeze kuti mudzapeza luso lanu pamene mudalisiya. Maria Sharapova adapambana Australian Open mu Januwale 2008. Miyezi yotsatira ankasewera phewa likupweteka, mpaka sikani idaonetsa kung'ambika. Adaphonya masewera a Olympics a ku Beijing ndipo mu Okutobala adachitidwa opaleshoni. Adabwerera mu Meyi 2009 atatsika kufika pa nambala 126 padziko lonse. Kamenyedwe kake koyambitsira mpira, kamene kadali chida chake chachikulu, adachita kukasintha pofuna kuteteza phewa, ndipo kankamukana. Pa masewera amodzi a US Open chaka chimenecho adataya mapointi 21 chifukwa cholephera kuyambitsa mpira kawiri motsatizana, dziko lonse likuonera. Sadasiye. French Open adaitenga mu 2012, patapita zaka zoposa zitatu chichitireni opaleshoni, n'kubwereranso pa nambala 1. Ngati zidatenga nthawi yotero kwa munthu amene ntchito yake yonse idali imeneyo, musadzione olephera mpira wanu woyamba ukapita pambali.

Tsono kubwerera kwake kukhale kwa makwerero. Musanakhudze mpira, mkono wovulala uzifika paliponse pamene mnzake amafika, mphamvu zake zikhale pafupifupi zofanana ndi za mnzakeyo, ndipo usiku muzigona osadzutsidwa ndi ululu. Mukatero yambani kupatsirana mpira pafupi, kuchokera pachifuwa. Mtunda uziwonjezeka pakapita masiku, ndipo kuponya kwa pamwamba pa mutu kubwere pomalizira. Muzisiya tsiku pakati kuti muone mmene phewa ladzukira. Magoloboyi, yambirani kugwa mutagwada, pamchenga kapena paudzu, muphunzirenso kugwera m'mbali mwa thupi osati pa chigongono kapena dzanja lowongoka. A nkhonya, yambani kumenya mphepo musanafike pa thumba, ndipo thumba lidze musanakumane ndi munthu. Masewera oyamba sewerani gawo limodzi n'kutuluka, ngakhale mukumva kukoma. Kamphira kaja musakataye. Kazikhala m'chikwama chanu, muzikakoka musanalowe m'bwalo kwa nthawi yonse imene mudzasewere.

Inu makochi achinyamata, ndi inu makaputeni, mawu anu ndi olemera kuposa mmene mukuganizira. Mwana wa zaka 16 sangakane mukamufunsa pamaso pa anzake kuti, "Ukwanitsa eti?" Adzati eya ngakhale mkono ukuyaka moto. Mufunseni pambali, muoneni mmene akuvulira jezi, ndipo mukaona akupotoza thupi kuti mkono ukwere, mukhazikeni pansi inuyo, mlandu wa kugonja ukhale wanu. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu.

Ndipo iwe mwana wanga amene ukuwerenga izi phewa likukunyenyeta, amene wakhala ukuuza aliyense kuti ndi zazing'ono, usadikire kuti ligi ithe. Uza makolo ako ndi kochi wako sabata ino, tenga buku lako la kuchipatala, upite akakuyese.